Mbewa Yokonzedwa ndi Galu Wokalamba

Mankhwala atsopano asanafike pakamwa kapena pamtsempha wa munthu, amayamba adutsa m'thupi la nyama. Pa matenda ambiri nzeru imeneyi ndi yosavuta kuimvetsa: kachirombo kakafa m'magazi a nyama, pamakhala chiyembekezo choti kafanso m'magazi a munthu. Pa matenda oiwalaiwala, makamaka aja a Alzheimer, nkhani imavuta. Wodwala amataya mayina a ana ake, njira yopita kwawo, ndiponso mawu a chinenero chimene wakhala akuyankhula kuyambira ali mwana, pomwe nyama ilibe mayina kapena mawu oti itaye. Komabe ofufuza sangakhale manja lende, pakuti bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo 60 mpaka 70 mwa odwala 100 alionse amadwala a Alzheimer. Pa nyama zimene ofufuza amadalira, ziwiri zimaonetsa bwino kukula kwa vutoli zikaikidwa pamodzi: mbewa ya mu labotale imene anthu anaisintha chibadwa, ndi galu amene wangokalamba.

Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mayi wina dzina lake Auguste Deter, yemwe anamwalira ku Frankfurt ali ndi zaka 55 nzeru zake zitasokonekeratu. Anapezamo timibulu tounjikana pakati pa maselo a ubongo, komanso tiulusi topiringizana mkati mwa maselowo. Patapita zaka zambiri zinadziwika kuti timibuluto ndi puloteni yotchedwa amyloid, pomwe tiulusito ndi puloteni ina yotchedwa tau. Pamwamba pa ziwirizi, maselo amafa ambirimbiri, ubongo n'kufota. Nyama yoyenera kuyeserapo mankhwala ikanakhala ndi zitatu zonsezi pamodzi ndi kuiwala. Mbewa ndi galu onse amaperewera, koma aliyense amaperewera mbali yake.

Mbewa mwachibadwa sidwala matendawa. Ngakhale ikalambe chotani, ubongo wake supanga timibulu, ndipo amyloid yake imasiyana ndi ya munthu pa timagawo titatu. Koma galu amyloid yake ndi yofanana ndendende ndi yathu, ndipo akafika zaka pafupifupi 8 timibulu timayamba kuoneka mu ubongo wake popanda wina kumuchita kanthu. Choncho kuti mbewa idwale, ofufuza amaiika majini a munthu, timalangizo ta chibadwa tija timene makolo amapatsira ana. Kuti galu adwale, ofufuza amangodikira.

Majini amene amaikidwa mu mbewa amachokera ku mabanja ochepa kwambiri amene matendawa amayenda m'magazi mwawo, n'kumagwira anthu a zaka za m'ma 40 kapena 50. Banja lina lotere la ku Britain linathandiza gulu la John Hardy ku London kupeza jini yolakwika mu 1991, ndipo chaka chotsatira banja la ku Sweden linaonetsa ina. Mu 1995 kampani ya Athena Neurosciences ku California inalengeza mbewa yoyamba yopanga timibulu tooneka ngati ta munthu. Mu 1996 Karen Hsiao wa ku University of Minnesota anatulutsa ina yotchedwa Tg2576, imene inkapanga timibulu komanso inkaiwala. Mu 2006 gulu la Robert Vassar ku Northwestern University linapanga 5xFAD, yosenza zolakwika zisanu za chibadwa nthawi imodzi, zimene palibe munthu anabadwa nazo zonse pamodzi. Timibulu ta mbewa imeneyi timayamba ili ndi miyezi iwiri yokha, pomwe yangofika kumene pa msinkhu wobereka.

Mbewa ili ndi matenda koma ilibe ukalamba, pomwe galu ali ndi ukalamba koma matenda ake ndi osakwanira. Odwala amene anatengera matendawa kwa makolo mwanjira yomwe mbewa ikutsanzira ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Ena onsewo amadwala atakula, mitsempha ya magazi italimba, ena ali ndi shuga kapena BP, chitetezo cha m'thupi chitafooka. Mbewa ya miyezi 6 ili ndi mtima wamphamvu ndi mitsempha yatsopano, ndipo vuto lake ndi limodzi lokha, lomwe anaiikira. Galu wa zaka 12 maso achita khungu pang'ono, makutu agontha, miyendo ikuwawa, ndipo amyloid imamata ngakhale m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo wake, monga zimachitikira nkhalamba zambiri. Koma timibulu ta galu nthawi zambiri timakhala tomwazika, tosalimba ngati ta munthu wodwala kwambiri, ndipo tiulusi ta tau tokhwima sitipezeka kawirikawiri. Galu amafanana ndi munthu amene matenda angomuyamba, ndipo amafa asanafike pamene munthu amafika.

Mbewa nayo tau imaivuta. Mbewa zokhala ndi majini a amyloid okha sizipanga tiulusi, ndipo zambiri sizitaya maselo ochuluka. Kuti tiulusi tioneke, monga mu mbewa imene Frank LaFerla ndi anzake anapanga ku University of California, Irvine mu 2003, amawonjezera jini ya tau yolakwika. Jini imeneyo imachokera kwa odwala matenda ena oiwalaiwala, ogwira mbali ya kutsogolo kwa ubongo, osati a Alzheimer. Motero mu galu mbali ina ya matendawa mulibe, pomwe mu mbewa ilimo koma ndi yobwereka.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti nyama yaiwala? Mbewa amaiponya m'dziwe lozungulira la madzi osaoneka pansi, momwe abisamo kachitsa kamene ingaimepo. Njirayi anaiyambitsa Richard Morris ku University of St Andrews ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo poyamba ankaigwiritsa ntchito pa makoswe. Mbewa yabwinobwino ikasambira masiku angapo imaloweza pomwe pali chitsacho poyang'ana zizindikiro za pakhoma, pomwe yodwala imangozungulira. Galu amamulowetsa m'bokosi lalikulu, n'kumukankhira thabwa lokhala ndi timaenje tovundikiridwa ndi zinthu zosiyana, chakudya chili pansi pa chimodzi. Njira imeneyi anaikonza Norton Milgram ku University of Toronto, mothandizana ndi Carl Cotman ndi Elizabeth Head a ku Irvine, pa agalu a mtundu wa beagle. Mbewa imaphunzira chifukwa ikufuna kuthawa madzi, galu amaphunzira chifukwa akufuna nyama. Mantha a mbewa amatha kusokoneza zotsatira, pakuti ina imangoyandama kapena kukakamira m'mphepete mwa dziwe osati chifukwa choiwala koma chifukwa choopa. Galu naye amatha kunamiza ofufuza: wokalamba amene sakuona bwino kapena alibe chilakolako cha chakudya angaoneke ngati woiwala pomwe ubongo uli bwino.

Mayeso a galu ali ndi mbali ina imene imandikopa kwambiri. Galu akaphunzira kuti chakudya chimakhala pansi pa chinthu chachikulu, ofufuza amatembenuza lamulo, n'kuyamba kuchiika pansi pa chaching'ono. Wamng'ono amalakwa kangapo kenako n'kusintha. Wokalamba amabwererabe ku chachikulu, kambirimbiri, ngakhale sakupezapo kanthu. Kulephera kusiya chizolowezi chakale kumeneku kumagwirizana ndi kuchuluka kwa amyloid kutsogolo kwa ubongo, komwenso imayambira kuunjikana mwa agalu. Chinanso n'chakuti agalu a msinkhu umodzi safanana. Ena amakalamba nzeru zili zakuthwa, ena amafooka pang'ono, ena amasokonekeratu, monga momwe zilili ndi anthu. Mbewa za mtundu umodzi zimakhala pafupifupi ngati mapasa, zimadwala pa nthawi imodzi komanso mofanana. Kufanana kumeneku n'kothandiza kwa wofufuza, chifukwa kusintha kulikonse amadziwa kuti kwabwera ndi mankhwala. Kusiyana kwa agalu kumamuvutitsa pa masamu, komabe n'kumene adzakumane nako akadzafika kuchipatala.

Kunja kwa labotale, galu amaonetsa matendawa pakhomo pa mbuye wake. Madokotala a ziweto amawadziwa: galu amasochera m'nyumba yomwe wakhalamo moyo wonse, amaima pakona osadziwa kobwerera, salonjeranso anthu ake, amagona masana n'kumayendayenda usiku, amadziyipitsira pamalo pomwe anaphunzitsidwa kale kuti asatero. Kafukufuku wa ku University of California, Davis wofalitsidwa mu 2001 anapeza zizindikiro zotere mwa agalu 28 pa 100 alionse a zaka 11 ndi 12, ndiponso 68 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16. Ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yofunika kuimva kwathu kuno, komwe gogo woiwala njira akapezeka pakhomo la eni usiku amatha kunenedwa kuti ndi mfiti. Ubongo wokalamba ukawonongeka umasokoneza usana ndi usiku, kwa galu ngakhalenso kwa munthu.

Nyama ziwirizi zinafunsidwapo funso limodzi, ndipo mayankho ake ndi oyenera kuwatsata mwachifatse. Mu 1999 Dale Schenk wa kampani ya Elan anayesa nzeru imene ambiri ankaiona ngati yosatheka: kubaya mbewa amyloid yeniyeniyo ngati katemera, kuti asilikali a m'thupi aphunzire kuichotsa. Mbewa zimene zinabayidwa zili zazing'ono sizinapange timibulu pafupifupi n'komwe, ndipo zimene zinabayidwa zitadwala kale timibulu take tinachepa kwambiri. Mu 2000 magulu awiri, lina ku Toronto lina ku Florida, anaonetsa kuti mbewa zolandira katemera wotere zinkakumbukira bwino kuposa zinzake. Katemerayu, wotchedwa AN1792, anafika msanga kwa anthu. Kumayambiriro kwa 2002 kubayako kunaimitsidwa, chifukwa odwala 18 mwa 300 amene anamulandira anatupa ubongo, vuto limene silinaonekere mu mbewa zoyamba zija.

Agalu anafunsidwa pambuyo pake. Elizabeth Head ndi anzake anabaya agalu okalamba, a zaka za pakati pa 8 ndi 12, katemera wa amyloid kwa zaka zoposa ziwiri, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Timibulu tinachepadi kwambiri mu ubongo wa agaluwo. Koma kuphunzira kwawo ndi kukumbukira malo sikunasinthe, kupatula pa mayeso otembenuza lamulo aja, pomwe obayidwa sanafooke ngati anzawo. Chaka chomwecho madokotala a ku Southampton, motsogozedwa ndi Clive Holmes, anafalitsa zimene anapeza atapima ubongo wa odwala ena amene analandira AN1792 n'kumwalira patapita zaka. Mwa ena timibulu tinali titachoka pafupifupi tonse, komabe anamwalira atasokonekeratu nzeru.

Apa munthu angafulumire kunena kuti galu ananena zoona, mbewa inanama. Ine sindikuona choncho. Mbewa inafunsidwa ngati chitetezo cha m'thupi chingachotse amyloid mu ubongo, ndipo inayankha kuti inde, yankho limene galu ndi munthu anavomereza. Inafunsidwanso ngati kuchotsako kumabweza kukumbukira, ndipo inayankha zoona za ubongo wake, momwe amyloid ndiye vuto lokhalo. Galu anayankha zoona za ubongo wokalamba, momwe amyloid ndi vuto limodzi mwa ambiri. Yankho la galu linali pafupi ndi la munthu, koma linafika patatha zaka 6 anthu atavulala kale, ndipo silikanafulumira kwambiri, pakuti kafukufukuyo payekha anadya zaka zoposa ziwiri pa agalu amene anatenga zaka 8 kapena kuposa kuti akalambe. Mbewa ili ngati mbewu yoyesedwa kudimba, komwe madzi amathiridwa pa nthawi yake: imaonetsa msanga ngati mbewuyo imamera, koma siinena mmene idzapiririre kumunda mvula ikadula.

Liwiro limeneli si laling'ono. Mbewa imakhala ndi bere masabata atatu, imaswa ana angapo nthawi imodzi, imakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mazana a mbewa amakwana m'chipinda chimodzi. Wofufuza angazimitse jini imodzi, n'kuona chimene chasintha, n'kudziwa chomwe chikuyambitsa china. Mwa galu angathe kuona zinthu zikuchitikira pamodzi, koma n'kovuta kuti alekanitse choyambitsa ndi chotsatira. Galu wa beagle amakhala zaka 12 mpaka 15, amafuna malo, chakudya, oyenda naye ndi dokotala, kotero kafukufuku wa agalu amakhala ndi nyama makumi ochepa chabe. Kumbali ina, ubongo wa galu ndi waukulu komanso wa makwinya ngati wathu, ungajambulidwe ndi makina a MRI omwe amajambula anthu, ndipo madzi a mumsana wake angatengedwe kangapo pa zaka zambiri kuti aone mmene matenda akuyendera. Ubongo wa mbewa ndi wosalala, ndipo sukwana theka la galamu imodzi.

Pa zimene zinalephera, mbewa ndiyo imasenza mlandu waukulu, mwina chifukwa ndiyo yafunsidwa kwambiri. Jeffrey Cummings ndi anzake anawerenga mankhwala onse a Alzheimer amene anayesedwa pa anthu pakati pa 2002 ndi 2012: analipo 244, ndipo amene anavomerezedwa ndi amodzi okha, memantine. Ena, monga semagacestat a kampani ya Eli Lilly amene anaimitsidwa mu 2010, anachititsa kuti odwala aipireipire. Koma zimene zayenda bwino zinadutsanso mu mbewa. Lecanemab, amene anavomerezedwa mokwanira ku America mu July 2023, anachokera ku kafukufuku wa Lars Lannfelt pa banja lina la kumpoto kwa Sweden, ndipo anayesedwa poyamba pa mbewa zokhala ndi jini ya banjalo. Pa anthu 1,795 amene matenda anali atangowayamba, mankhwalawa anachepetsa liwiro la kufooka kwa nzeru ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Sachiza, ndipo ena amatupa kapena kukha magazi pang'ono mu ubongo. Ngozi ya kukha magaziyo mbewa zinali zitachenjeza kale mu 2002, pamene ofufuza ku Basel anaona timadontho ta magazi mu ubongo wa mbewa zokalamba zimene zinalandira asilikali olimbana ndi amyloid. Ndi bwino kuona kuti chenjezo linachokera ku mbewa zimene zinaloledwa kukalamba.

Galu nayenso si mboni yosalakwa. Milgram, Head ndi Cotman anagawa agalu okalamba 48 m'magulu anayi kwa zaka zoposa ziwiri. Ena anapatsidwa chakudya chowonjezeredwa mavitamini E ndi C, sipinachi, tomato, karoti ndi zotsalira za zipatso. Ena anapatsidwa anzawo okhala nawo, zoseweretsa, maulendo oyenda ndi masewera a nzeru. Ena analandira zonse ziwiri, ena sanalandire chilichonse chapadera. Amene analandira zonse ziwiri ndiwo anaphunzira bwino koposa. Koma vitamini E atayesedwa yekha pa anthu oyamba kuiwala, mu kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2005, sanaletse matenda kubwera. Mbali ina ya zomwe agalu anaonetsa inaonekanso ku Finland mu 2015, pomwe Miia Kivipelto anapeza kuti okalamba 1,260 ogawidwa pawiri anasiyana patatha zaka ziwiri: amene anaphatikiza kadyedwe kabwino, masewera olimbitsa thupi, masewera a nzeru ndi kusamalira mtima anachita bwino pang'ono kuposa amene anangolandira malangizo wamba. Mbewa yathandiza kwambiri pa mankhwala olasa chinthu chimodzi, galu wathandiza kwambiri pa njira zophatikiza zambiri, ndipo aliyense wasocheretsapo amene anamukhulupirira mopitirira.

Palinso mtengo umene nyamazo zimalipira, ndipo pamenepa mitima ya anthu siyezera mofanana. Lamulo loteteza nyama la ku America la 1966 limakhudza agalu koma silikhudza mbewa ndi makoswe oweteredwa kafukufuku, ndipo la ku Britain la 1986 limapatsa agalu chitetezo chapadera pamodzi ndi amphaka, akavalo ndi anyani. Mu 2022 agalu a beagle pafupifupi 4,000 anachotsedwa pa malo owetera a kampani ya Envigo ku Cumberland, Virginia, boma litapeza kuti ankazunzidwa, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Mbewa zimafa zochuluka kwambiri chaka chilichonse popanda wozimvera chisoni. Galu wa mu labotale amakhala zaka zambiri m'khola, amadziwa omusamalira, ndipo pamapeto amaphedwa kuti ubongo wake upimidwe. Mbewa imabadwa matenda ali kale m'thupi mwake mwa kufuna kwa anthu, ndipo mantha ake m'madzi muja ndi enieni. Sindikuona sikelo imene ingayeze zowawa za galu mmodzi ndi za mbewa mazana. Chimene ndimagwirizana nacho ndi mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959: kugwiritsa ntchito njira ina pomwe ilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa ululu. Kafukufuku wokonzedwa mosasamala, amene zotsatira zake sizingadaliridwe, amawononga nyama popanda phindu, kaya ndi mbewa kaya ndi galu.

Masiku ano mbali iliyonse ikuyesa kutengera ubwino wa inzake. Ofufuza a mbewa akufuna ukalamba ndi kusiyanasiyana. Mu 2014 Takaomi Saido ndi Takashi Saito a ku RIKEN ku Japan anapanga mbewa zimene zimatulutsa puloteni yobala amyloid pa mlingo wachibadwa m'malo mosefukira, ndipo kuyambira 2016 ntchito yotchedwa MODEL-AD ku America ikupanga mbewa zokhala ndi majini monga APOE4, amene amawonjezera ngozi ya matenda obwera munthu atakalamba, n'kuzisiya kuti zikule. Ofufuza a agalu akufuna chiwerengero, ndipo achipeza potuluka mu labotale. Ntchito ya Dog Aging Project, yotsogozedwa ndi University of Washington ndi Texas A&M University, imatsata agalu masauzande ambiri amene amakhala kwa ambuye awo, amitundu yosiyanasiyana, odya zosiyana, opuma mpweya womwe anthu akupuma. Mu 2022 inafalitsa zotsatira za agalu oposa 15,000 zosonyeza kuti ngozi ya matendawa imakwera kwambiri chaka chilichonse cha ukalamba, ndipo ndi yaikulu mwa agalu osayendayenda. Ntchito yomweyo ikuyesa mankhwala a rapamycin pa agalu apakhomo amene ambuye awo avomera, mankhwala amene mu 2009 anaoneka kuti amatalikitsa moyo wa mbewa ngakhale zitayamba kuwalandira zili zokalamba.